Shuga M'madzi ndi Funso la Kumanda

Pa ntchito zonse zimene dzanja la munthu limagwira kukacha, palibe ina yopepuka ndi yosasamalidwa monga kuthira shuga m'tiyi; pakuti mwana amaigwira asanadziwe kuwerenga, nkhalamba imaigwira maso atachita kale chidima, ndipo onsewo amamwa ndi kunyamuka osafunsa kanthu. Komatu m'kanthu kochepa kameneka mwabisala funso limene linasautsa akukonda nzeru a ku Greece ndi a ku India, linakanganitsa mabishopu a mpingo wakale, ndipo kufikira lero limatidikira pakhomo la siwa: kodi chinthu chikalowa m'chinzake chachikulu n'kuleka kuoneka, chatha kapena chilipo? Ndipo ngati chilipo, kodi chikali chomwe chija?

Wofuna kuona bwino asiye kapu yachitsulo, atenge tambula yagalasi, athiremo madzi ozizira, aiike pazenera pamene pali kuwala, ndipo atagwetsamo supuni imodzi ya shuga augwire mtima, asatakase. Timibulu timamira msanga n'kupanga kamulu pansi, ndipo kwa kanthawi munthu angayese kuti palibe chimene chikuchitika; koma akaweramira pafupi adzaona pamwamba pa kamuluko madzi akuchita timizere tonyezimira, topindikapindika, chifukwa madzi amene amwa shuga amapinda kuwala mosiyana ndi madzi wamba. Ngodya za timibulu zimayamba kubuntha, kamulu kamaphwa pang'onopang'ono, kufikira pansi pa tambula patatsala madzi olemera ndi omata amene safuna kukwera. Kotero kuti wolawa pamwamba adzapeza madzi osakoma kanthu, ndipo tambulayo ikasiyidwa chikhalire pangapite masabata kutsekemera kusanafike ponseponse mofanana. Henri Bergson, wanzeru wa ku France, analemba m'chaka cha 1907 kuti naye yemwe akafuna madzi a shuga ayenera kudikira kuti shugayo asungunuke, ndipo pa kudikira kumeneko anamangapo chiphunzitso chakuti nthawi yeniyeni si imene imawerengedwa pawotchi koma imene munthu amaisenza ndi kuimva. Amayi athu akadamupatsa supuni. Komabe supuni imangofupikitsa kudikirako, siikuchotsa.

Tsono shuga atatha kusungunuka, mboni ziwiri zimatsutsana pabwalo: diso likuti watha, lilime likuti alipo. Aristotle, amene anamwalira m'chaka cha 322 Khristu asanabadwe, anaweruza mokomera diso. Iye sankanena za shuga, pakuti Agiriki a nthawi yake ankadalira uchi, koma za vinyo; ndipo anaphunzitsa kuti dontho limodzi la vinyo likagwera m'miyeso 10,000 ya madzi silisakanikirana nawo konse, koma limagonja, litaya uvinyo wake, n'kusanduka madzi enieni, popeza chaching'ono chamezedwa ndi chachikulu. Chrysippus, mtsogoleri wachitatu wa gulu la Asitoiki, anakana kwamtuwagalu, nati dontho limodzi lingathe kufalikira m'nyanja yonse n'kupezeka paliponse pamene pali madzi, osataya chikhalidwe chake. Ndipo anthu a gulu lake ankachitira umboni ndi chinkhupule chopakidwa mafuta, chimene ankati chikaviikidwa m'vinyo wosungunula chimalekanitsanso madzi ndi vinyo. Asanabadwe awiriwa kunali Democritus, amene ankati zinthu zonse n'zopangidwa ndi tizidutswa tosagawika toyenda m'malo opanda kanthu, ndipo kusakaniza kuli konse ndi kuyandikana chabe kwa tizidutswato, kochepa koti diso silingakuone. Iyeyu anaonjezapo mawu ena amene tidzawafuna kutsogoloku, akuti kutsekemera sikukhala m'uchi mwenimwenimo, koma kumabadwa uchi ukakumana ndi lilime.

Mlandu umenewu unagona zaka pafupifupi 2,000 usanapeze mboni yachitatu, ndipo mboniyo ndi sikelo. Antoine Lavoisier, amene anasindikiza buku lake lalikulu m'chaka cha 1789 nadulidwa mutu ku Paris m'chaka cha 1794, anakhazikitsa lamulo lakuti zinthu zikamasandulika kulemera kwake konse sikuchepa kapena kuchuluka. Ndipo aliyense wokhala ndi sikelo yabwino angadzionere yekha kuti magalamu 100 a madzi ndi magalamu 20 a shuga amalemera magalamu 120, shugayo akuoneka kapena asakuoneka. Chimene chimachitika m'katimo n'chotere. Kam'bulu kalikonse ka shuga ndi khamu la tizidutswa timene akatswiri amati mamolekyu, toyalana m'mizere yolongosoka monga njerwa pakhoma, ndipo molekyu iliyonse ili ndi maatomu 45: a kaboni 12, a haidirojeni 22 ndi a okosijeni 11. Mamolekyu a madzi, amene sakhala chete usana ndi usiku koma amathamanga ndi kugundana, ali ndi mphamvu yokoka mbali zina za molekyu ya shuga. Choncho amagwira imene ili m'mphepete mwa kam'bulu, amaisomphola kwa anzake, amaizinga mbali zonse n'kupita nayo, ndipo ena amabwera kudzatenga yotsatira, kufikira khoma lonse litaphwasuka. Kutentha kumawafulumizitsa, n'chifukwa chake tiyi wamoto sachedwa. Supuni imachotsa madzi okhuta pafupi ndi timibulu n'kubweretsa anjala. Koma molekyu ya shuga payokha siisweka: maatomu ake 45 aja amakhala chigwirizanire monga analili m'thumba la kugolosale. Apa shuga asiyana ndi mchere, umene ukalowa m'madzi umagawika pawiri, sodiyamu kwake kolorini kwake, kotero kuti madzi a mchere amadutsitsa magetsi pamene madzi a shuga sadutsitsa.

Madzi nawo ali ndi malire ake, ngakhale kuti malirewo ndi odabwitsa: magalamu 100 a madzi ozizira amalandira shuga wokwana pafupifupi magalamu 200, ndiye kuti kulemera kwake kawiri, ndipo akawira amalandira woposa magalamu 400, pamene mchere amangolandirako magalamu 36 basi. Za kuchepa kwa tizidutswato, mutu wa munthu suzisenza. Pakuti m'kasupuni kamodzi, magalamu 4, muli mamolekyu amene kuwalemba kwake ndi nambala 7 yotsatidwa ndi maziro 21. Ambiri amamudziwa Albert Einstein chifukwa cha zakuthambo, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti m'chaka cha 1905, ali ndi zaka 26 ndipo akugwira ntchito mu ofesi ku Bern, anapeza digiri yake yaudokotala ku Zurich ndi masamu a madzi a shuga: poona mmene shuga amalemeretsera kayendedwe ka madzi ndi mmene amafalikira mwa iwo, anawerengera kukula kwa molekyu imodzi, napeza kuti ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Pa nthawi imeneyo kunali akatswiri otchuka amene ankakayikabe ngati mamolekyu alikodi. Democritus anapambana mlandu wake atagona m'manda zaka zoposa 2,000.

Umboni wotsiriza uli kwathu konkuno. Shuga yense amene amatuluka ku Nchalo m'boma la Chikwawa ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota anali wosungunuka kale, pakuti m'nzimbe mulibe timibulu koma madzi otsekemera. Nzimbe zimafinyidwa, madzi ake amayeretsedwa ndi laimu n'kuwiritsidwa kufikira atasanduka manyuchi olemera. Pamenepo amaponyamo fumbi losalala la shuga kuti likhale mbewu, mamolekyu amadza kudzamatirira pa mbewuzo mzere ndi mzere, ndipo makina ozungulira mwaliwiro amalekanitsa timibulu ndi manyuchi otsala. Chosungunuka chimabwezeka. Si mmene zilili ndi shuga woiwalidwa pamoto mumphika wouma, amene amafiira, nanunkha, nada bii, nasanduka makala owawa. Ndiponso si mmene zilili ndi shuga amene otcheza kachasu amathira m'mbiya pamodzi ndi madeya, pakuti mmenemo tizamoyo tosaoneka timamudya n'kumusandutsa mowa ndi mpweya wa thovu lija. Pawiri ponsepa molekyu yeniyeniyo yasweka, ndipo palibe fakitale imene ingaibweze. Kubisika ndi kuonongeka ndi zinthu ziwiri, ndipo diso palokha silitha kuzisiyanitsa.

Nzosadabwitsa tsono kuti aphunzitsi a chipembedzo, pofuna kunena za Iye amene saoneka koma ali ponseponse, anatambasulira dzanja lawo ku chikho cha madzi. M'buku lina lopatulika la ku India lotchedwa Chandogya Upanishad, lolembedwa zaka mazana angapo Khristu asanabadwe, muli nkhani ya Uddalaka ndi mwana wake Shvetaketu, amene anabwera kuchokera kumaphunziro atadzitukumula. Atate wake anamuuza kuti aponye mchere m'madzi madzulo, ndipo m'mawa anamutuma kukautenga. Mnyamatayo atausowa, anauzidwa kuti alawe mbali iyi, alawe pakati, alawenso mbali inayo, ndipo ponse anapeza mchere. Mkuluyo anamuphunzitsa pamenepo kuti Chiyambi cha zonse chili momwemo m'dziko, chosagwirika koma chosasowa paliponse, ndi kuti mzimu wa mnyamatayo suli wosiyana nacho. Ramakrishna, wansembe wa pafupi ndi Calcutta amene anakhala ndi moyo kuyambira 1836 kufikira 1886, anapita nalo patsogolo fanizoli ndi nthano ya chidole chamchere chimene chinapita kukayesa kuya kwa nyanja, koma chitangolowamo chinasungunuka, osatsala wobwera kudzanena za ulendowo. Kwa iye amenewo sanali maliro koma chimaliziro chokoma cha ulendo wa mzimu. Koma tisafulumire kunena kuti India yense analankhula ndi pakamwa pamodzi. Pakuti Ramprasad Sen, woimba wa ku Bengal wa m'zaka za m'ma 1700, anakana chipulumutso cha mtundu umenewo, poona kuti wosanduka shuga sangathenso kumva kutsekemera kwake, ndipo Ramakrishna yemweyo ankakonda kukumbutsa ophunzira ake mawu a woimbayo.

Mpingo wachikhristu unafika pa mphambano yomweyo ndi njira yake. Pafupi ndi chaka cha 447, Theodoret, bishopu wa ku Cyrrhus m'dziko la Syria, analemba mtsutso wa anthu awiri, mmene wina akunena kuti umunthu wa Khristu unamezedwa ndi umulungu wake monga dontho la uchi limezedwa ndi nyanja. Theodoret anakana fanizolo, ndipo msonkhano waukulu wa ku Chalcedon m'chaka cha 451 unagamula kuti mwa Khristu umulungu ndi umunthu zili pamodzi kosalekana, komanso kosasokonezeka, china osameza chinzake. Wina angayese kuti mabishopuwo ankalimbana pa nkhani ya m'mitambo. Koma ngati umunthu sungathe kukhala pafupi ndi Mulungu osatha, ndiye kuti chimene chinachitikira Mbuye chidzachitikiranso akapolo ake, ndipo kumwamba sikudzakhala munthu. Bernard wa ku Clairvaux, amene anamwalira m'chaka cha 1153, pofotokoza chikondi chapamwamba koposa ananena za dontho la madzi logwera m'vinyo wambiri, limene limatenga maonekedwe ndi kukoma kwa vinyoyo. Komatu anasamala kunena kuti limangooneka ngati latha, ndi kuti umunthu udzakhalapobe ngakhale uli mu ulemerero wina. Mwa mawu ena, mpingo unatsata Chrysippus, unasiya Aristotle, sikelo ya Lavoisier isanabwere.

Alaliki athu, amene sasowa fanizo, amafika nacho chikhochi mpaka kumanda. Ndamvapo mawu onga awa akulankhulidwa kwa anamfedwa: "Abale anga, shuga mukamuthira m'tiyi simumuonanso, koma ndani anganene kuti mulibe? Momwemonso bambo athuwa. Maso athu sawaona, koma sanathe ayi." Anthu amavomera, ndipo ndi bwino kuti avomere, pakuti mbali ina ya mawuwo ndi yoona ndithu. Munthu amene amati chosaoneka kulibe wagonja kale patebulo lake lomwe, ndipo nzeru imene imathera pamene pathera diso ndi nzeru yosakwana ngakhale kuphika tiyi. Kufikira pamenepa ndili naye mlaliki.

Koma tifunse mwaulemu: chimene sikelo yasunga n'chiyani? Tengani kam'bulu kamodzi, mukayang'ane pagalasi lokuza zinthu, muone kuti kali ndi ngodya yobenthuka apa ndi mng'alu apo, kosiyana ndi anzake onse. Kenaka mukaponye m'madzi pamodzi ndi ena, muwiritse madziwo kufikira ataphwa. Shuga adzabwerera wosaperewera ngakhale pang'ono, koma kam'bulu kaja sikadzabwerera, pakuti mamolekyu ake abalalika m'timibulu tatsopano tambirimbiri, ndipo palibe chilichonse m'madzimo chimene chikukumbukira kuti anali pamodzi. Nyumba ikagumulidwa, njerwa zake zonse n'kuunjikidwa pambali popanda yosweka, mwini wake sadzatonthozedwa pomuuza kuti palibe chatayika. Iye ankagona m'nyumba, osati mumulu wa njerwa. Ndipo munthu afanana ndi kam'bulu koposa mmene afananira ndi molekyu, pakuti umunthu wake uli m'kaumbidwe, osati m'zoumbira. Zoumbira zake zimasinthika iye akali moyo: maselo ofiira a magazi amakhala masiku ngati 120 n'kulowedwa m'malo, a m'kati mwa matumbo satha sabata, ndipo shuga amene wamwa m'mawa pofika madzulo wambiri watuluka kale m'mphuno ngati mpweya, umene nzimbe ina idzaukoka n'kuupanganso shuga. Chochuluka cha thupi la nkhalamba si chimene inali nacho paubwana, komabe timaitchula dzina lomwelo. Tsono kuuza mayi wamasiye kuti zoumbira za mwamuna wake sizinatayike n'kumuuza zoona zimene sanafunse. Iye salira magalamu. Alira mawu aja, kayendedwe kaja, ndi kaseko kaja kamene ankakazindikira mwamunayo asanatulukire pangodya ya nyumba.

Akale anaziona zimenezi, ndipo ena anazivomera osaphethira. Epicurus, wotsata Democritus, anaphunzitsa kuti mzimu nawonso ndi tizidutswa tosalala timene timabalalika munthu akafa, kotero kuti palibe chotayika ndiponso palibe wotsala. Ndipo anaona ngati umenewu ndi uthenga wabwino, popeza wosakhalapo sangazunzike. Asitoiki ankati mzimu ndi kachigawo ka mpweya waumulungu wofalikira m'chilengedwe chonse, kamene kangakhalitse kanthawi pambuyo pa imfa koma potsiriza kadzabwerera m'moto waukulu umene udzalandira zonse. Magulu awiri omwewa ndi amene mutu 17 wa Machitidwe a Atumwi ukuti anatsutsana ndi Paulo ku Athens. Ndipo n'zoyenera kuziganizira kuti omvera ake anamulola kulankhula za Mulungu wosakhala m'nyumba zomangidwa ndi anthu, Mulungu amene sali patali ndi aliyense, koma atatchula za kuuka kwa akufa ena anayamba kuseka. Zoti chosungunuka sichitayika ankazidziwa kale. Chimene chinawaseketsa ndi kumva kuti kam'bulu komwe kaja kadzabwerera. Ndipo poyang'ana madzi okha, anali ndi chifukwa chosekera.

Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene anamwalira m'chaka cha 430, anafunsidwa mafunso a mtundu umenewu ndi anthu a nthawi yake, za omira m'nyanja, za odyedwa ndi zilombo, ngakhale za odyedwa ndi anthu anzawo m'njala. Ndipo poyankha anatchula chifanizo chachitsulo chimene chasungunulidwa pamoto kapena kuperedwa kukhala fumbi, chimene mmisiri angathe kuchiumbanso ndi chitsulo chomwecho, osasamala kuti kachidutswa kamene kanali kumutu kapita kuphazi. Mphamvu ya yankho limeneli siili m'chitsulo koma mwa mmisiri. Chitsulo sichikumbukira nkhope imene chinali nayo, monga madzi sakumbukira kam'bulu. Ngati chifanizocho chibwerera, n'chifukwa chakuti pali wina amene anasunga nkhopeyo mumtima mwake ndipo akuifunabe. Apa ndi pamene ndasiyana ndi mlaliki uja. Chiyembekezo cha akufa sichingatsamire pa lamulo la Lavoisier, pakuti lamulo limenelo limagwira mofanana pa munthu, pa galu ndi pa chitsa chopserera. Ngati chili ndi potsamira, patsamira pa Wokumbukira. Zimenezi sikelo siingazitsimikize, ndiponso siingazitsutse, ndipo wokhulupirira achita bwino kuvomera poyera kuti pano wayenda ndi chikhulupiriro, m'malo mobwereka umboni kwa akatswiri umene iwo sanapereke.

Makolo athu, ngakhale analibe sikelo, anadziwa kuti nkhani yagona pa kukumbukira. Wothira nsembe pakachisi kapena patsinde la mtengo ankatchula mayina a makolo amene ankawadziwa, agogo ndi agogo a agogo, ndipo otsala onse, amene mayina awo anapita ndi okalamba, ankangowaphatikiza m'mawu amodzi akuti mizimu. John Mbiti, mbusa ndi mphunzitsi wa ku Kenya, analongosola m'buku lake la 1969 kuti m'mitundu yambiri ya mu Africa wakufa amawerengedwabe m'banja pa mibadwo inayi kapena isanu, malinga ngati alipo womudziwa ndi dzina, ndipo wotsiriza womukumbukira akamwalira, iye amalowa m'khamu la opanda mayina. Kumeneko ndiye kusungunuka kwenikweni, kochedwa koma kosalephera. Ndipo kutcha mwana dzina la agogo ake, kulowa dzina la mfumu, ngakhale kumanga chiliza, zonsezi ndi kuyesayesa kwa anthu kuti akuchedwetse. Koma chikumbumtima cha munthu chili ndi malire, ndipo akulu anati madzi akatayika saoleka. Mkazi wanzeru wa ku Tekowa, amene Yowabu anamutuma kwa mfumu Davide kukapepesera Abisalomu, anayerekeza imfa yathu ndi madzi omwewo otayikira pansi. Koma sanalekere pamenepo, anaonjeza kuti Mulungu amafuna njira yobwezera wopirikitsidwa. Mwambi wathu ndi mawu a mkaziyo zimayenda limodzi theka la ulendo; theka linalo ndi limene aneneri ndi atumwi anadza kudzanena, polalikira Mulungu amene amaitana anthu ndi mayina awo, amene kuiwala sikumugwera.

Pali chonenera chimodzi chimene sindingachilambalale. Wina adzati: kodi kukakamira kukhala kam'bulu si kudzikonda kumene zipembedzo zonse zimadzudzula? Shuga wotsekeredwa m'thumba satsekemeretsa kanthu, ndipo Ambuye mwini anayerekeza ophunzira ake ndi mchere, nayerekeza ufumu wake ndi chotupitsa, zinthu zimene zimagwira ntchito pobisika m'zinzake. Mawu amenewa ndi olemera, ndipo pa moyo uno ndi oona kotheratu. Mphunzitsi wa kumudzi amene nzeru zake zafalikira mwa ana mazanamazana osamutchulanso, kapena mayi amene mphamvu zake zathera m'matupi a ana ake, wasungunuka m'njira yolemekezeka, ndipo chikho cha madzi a shuga ndi fanizo lomuyenera. Koma kudzipereka ndi kufafanizika sizili chimodzi. Wopereka ayenera kukhalapo kuti apereke, ndipo chikondi chimafuna awiri. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ngati Democritus ananena zoona, kuti kutsekemera kumabadwa pamene uchi wakumana ndi lilime, ndiye kuti nyanja yonse ya madzi a shuga yopanda wolawa siitsekemera kwa aliyense. Ndipo chipulumutso chimene chimachotsa wopulumutsidwayo chasiyana pang'ono pokha ndi chiphunzitso cha Epicurus, kupatula kuti chimanenedwa ndi nkhope yowala. Ndimalemekeza kuzama kwa Uddalaka ndi kuyera mtima kwa Ramakrishna, koma pa mlandu uwu ndaima ndi woimba wa ku Bengal ndi mabishopu a ku Chalcedon.

N'chifukwa chake pamaliro athu ndimatchera khutu koposa pamene wachibale aimirira ndi kapepala kopindapinda kuti awerenge mbiri ya malemu: kuti anabadwa chaka chakuti, m'mudzi wakuti, kwa mfumu yaikulu yakuti, kuti anali wachitatu m'banja la ana asanu ndi awiri, kuti analowa sukulu pamishoni, anakagwira ntchito kuthengo n'kubwerako, anamanga banja ndi mayi akuti, ndipo wasiya ana angapo ndi zidzukulu zingapo. Wowerengayo nthawi zambiri amadodoma, amalakwitsa chaka n'kukonzedwa ndi azakhali ali chikhalire pamphasa, ndipo alipo amene amadandaula kuti mbiri imatalikitsa mwambo dzuwa likuswa mtengo, adzukulu atatopa kale kumanda. Ine ndikadakonda kuti mlaliki afupikitse fanizo lake, ndipo wa mbiriyo apatsidwe mpata wotchula mfunda wa malemu, ntchito ya manja awo, ndi dzina laubwana limene amayi awo ankawaitanira.